Asupavaiza andidzazira inki yofiira: ndikonze galamala kapena ndiyambirenso pepala?

Funso: “Aphunzitsi, ndili chaka chomaliza ku yunivesite ndipo ndikuyenera kupereka pepala la kafukufuku kumapeto kwa semesita ino. Ndidapereka masamba oyambirira kwa asupavaiza anga, koma abwerera ali psuu ndi inki yofiira. Pafupifupi pa ndime iliyonse alembapo ‘S-V agreement’ m'mbali, ndipo pansi penipeni alemba kuti sakuona komwe pepalali likulowera. Chingerezi ndidakhoza bwino ku sekondale, lamulo la ‘he goes, they go’ ndimalidziwa kuyambira ku pulayimale, ndiye sindikumvetsa chikundichitikira n'chiyani. Mutu wanga ndi wokhudza mafoni ndi maphunziro a ana a sekondale. Kodi ndiyambe ndakonza galamala kapena ndiyambirenso pepala lonse? Kwanditsalira masabata 12.”

Achimwene, mtima m'malo. Pepala likabwerera lili psuu ndiye kuti asupavaiza anu adakhala pansi n'kuwerengadi mzere ndi mzere, ndipo si wophunzira aliyense amene amachita mwayi umenewu. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa kalembedwe ka mapepala a kafukufuku, mawu akuti “S-V agreement”, kutanthauza mgwirizano wa mwininkhani ndi mneni m'chiganizo, ndawalemba m'mbali mwa mapepala a anthu anzeru zedi, ena mwa iwo lero akuphunzitsa anzawo. Masabata 12 ndi okwanira, bola musawathere pa ntchito yolakwika. Koma ndikuuzeni mosapsatira: pa ndemanga ziwiri zomwe mwalandira, yolemera ndi yapansi ija, yoti pepala silikuoneka kolowera. Komanso ziwirizi si matenda osiyana monga mukuganizira. Ndiyamba ndi galamala poti ndi imene yakusowetsani tulo.

Lamulo mumalidziwadi, sindikukutsutsani. Mwininkhani akakhala mmodzi, mneni wa nthawi yatsopano amatenga s kumapeto. Akakhala ambiri, s uja amachoka. Kungoti mu “he goes” mwininkhani ndi mneni agundizana, palibe chowatchinga. Ziganizo za kafukufuku sizikhala choncho. Taonani ichi, chomwe ndachipanga kuchokera pa mutu wanu womwewo: “The effect of mobile phones on the reading habits of secondary school students are not well understood.” Mukachiwerenga mothamanga chikumveka bwinobwino. Koma nkhani ndi ya chiyani? Ndi ya “effect”, chinthu chimodzi. Pakati pa “effect” ndi mneni pali mawu 11, ndipo mwa iwo muli mayina atatu a zinthu zambiri: “phones”, “habits” ndi “students”. Pofika pa mneni, khutu lagwira “students” poti ndi amene lamumva komaliza, dzanja n'kulemba “are”. Choyenera ndi “is”.

Zimenezi sizichitikira ife tokha amene Chingerezi tidachipeza kusukulu. M'chaka cha 1991 akatswiri awiri, Kathryn Bock ndi Carol Miller, adafalitsa kafukufuku yemwe adachita pa eniake chilankhulochi. Ankawapatsa chiyambi cha chiganizo, monga “the key to the cabinets”, kuti amalize okha. Adapeza kuti anthu amaphonya kwambiri pamene mwininkhani ndi mmodzi koma dzina loyandikira mneni ndi la zinthu zambiri. Zikatembenuka, mwininkhani kukhala wa zambiri ndipo loyandikira kukhala la chimodzi, zolakwa zimachepa kwambiri. Msampha uli pamenepo: dzina la zinthu zambiri likakhala pafupi ndi mneni limamukokera kwake.

Chodabwitsa n'chakuti ife olankhula Chichewa timayenera kukhala akadaulo pa nkhaniyi, chifukwa agwirizanitsi athu ndi ochuluka kuposa a Chingerezi kutalitali. Palibe amene anganene kuti “chingwe cha ana aja aduka”. Ngakhale mwana wa zaka zinayi amati “chaduka”. Koma taonani chomwe chikumuthandiza: chi- wa pa chingwe akumvekanso pa “cha”, n'kudzamvekanso pa mneni. Chichewa chimakukumbutsa mwininkhani njira yonse. Chingerezi sichikumbutsa munthu. “Of” ndi “of” basi, kaya mwininkhani ndi mmodzi kaya ndi chikwi. Umayenera kumusunga wekha m'mutu mpaka ukafike pa mneni.

Nthawi zinanso chizolowezi cha pakamwa pathu chimatipusitsa. Tikamakamba za anthu, mneni wathu kawirikawiri sasintha: “mwana akuwerenga”, “ana akuwerenga”. Nanga pepala la kafukufuku si lodzaza ndi anthu okhaokha, ofunsidwa, aphunzitsi, olemba mabuku? Onjezanipo ulemu. Munthu wamkulu mmodzi timamuchulukitsa, “ahedi anena”, ndipo mosazindikira ulemuwo umawolokera ku Chingerezi n'kubereka “the head teacher have said”. Kumeneko ulemu wa mtundu umenewu kulibe. Ngakhale mtsogoleri wa dziko ndi “has”. Pomaliza pali katchulidwe. Maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, choncho mawu ngati “suggests”, “consists” ndi “affects”, omwe amathera ndi malembo atatu opanda liwu otsatana, ambirife timawadula kumapeto polankhula. Ka s komwe pakamwa sipakatulutsa, dzanja nalo limakaiwala.

Chotonthoza n'chakuti malo olakwitsira ndi ochepa. Kale aneni a Chingerezi adali ndi mathero angapo, n'chifukwa chake m'Baibulo la King James la 1611 mumapezeka “thou goest” ndi “he goeth”, koma zonsezo zidatha n'kutsala ka s kamodzi. Lero mgwirizano umaoneka pa mneni wa nthawi yatsopano, pa “is” ndi “are”, “was” ndi “were”, “has” ndi “have”, “does” ndi “do”. Basi. Aneni a nthawi yakale monga “showed” ndi “found” sasintha. Timawu tothandizira monga “can”, “may”, “should”, “will” ndi “must” sitisintha, ndipo mneni wotsatira timawuti satenga s. Chimodzimodzi ndi “does”: timati “does not show”, osati “does not shows”, chifukwa s watengedwa kale.

Njira yomwe ndimaphunzitsa ndi ya pensulo. Tengani chiganizo, pezani mneni wamkulu, mumuzungulize. Kenako khwatchani gulu lililonse la mawu loyamba ndi mperekezi, monga “of”, “in”, “on”, “among”, “between”, “with” ndi “for”, lomwe mwakumana nalo musanafike pa mneniyo, komanso nthambi yoyamba ndi “who”, “which” kapena “that”. Chotsala ndiye mwininkhani. M'chiganizo chathu chija, mukakhwatcha “of mobile phones”, “on the reading habits” ndi “of secondary school students”, patsala “The effect” yekha atayang'anizana ndi “not well understood”, ndipo apa aliyense aika “is”. Mukakayikabe, chotsani mwininkhaniyo muikepo “it” kapena “they”, mumve chomwe chikukhala bwino.

Njirayi ili ndi pomwe imagonja, ndipo mwatsoka ndi m'chaputala cha zotsatira momwe mudzalembe manambala. Mawu oyeza kuchuluka, monga “percent”, “half”, “most”, “some”, “a third” ndi “the majority”, amatengera dzina lotsatira “of”. Apa musakhwatche. Timati “Sixty percent of the respondents own a phone” chifukwa ofunsidwawo ndi ambiri, koma “Sixty percent of the time was spent on social media” chifukwa “time” apa ndi chinthu chimodzi. Mnzake wa msampha umenewu ndi “number”. “A number of students were absent” akutanthauza ophunzira angapo, ndiye mneni ndi wa ambiri. “The number of students was small” akukamba za nambala yeniyeniyo, yomwe ndi imodzi. Kusiyana kwake ndi ka “a” ndi ka “the” kokha, koma cholakwa chimenechi ndimachipeza pafupifupi m'pepala lililonse lomwe muli tebulo.

Kenako pali mayina omwe m'maganizo mwathu ndi ochuluka koma Chingerezi sichiwawerenga limodzilimodzi: “research”, “evidence”, “information”, “equipment”, “feedback”, “knowledge”, “literature”. Wophunzira akawerenga mapepala 20 amaona ngati n'chipongwe kuwatcha chinthu chimodzi, ndiye amalemba “researches have shown”. Ayi ndithu. Ndi “research has shown”, ndipo ngati mukufuna kuti kuchulukako kumveke, nenani “studies have shown”. Mayina ochokera ku Chigiriki ndi Chilatini nawo ali ndi makani awo. “Criteria” ndi “phenomena” ndi a zinthu zambiri, chimodzi chake ndi “criterion” ndi “phenomenon”. “Analysis” ndi “hypothesis” ndi a chinthu chimodzi ngakhale akuthera ndi s. Zikachuluka ndi “analyses” ndi “hypotheses”. “Data” ndiye amayambanitsa anthu ophunzira. Kochokera kwake ndi dzina la zambiri la “datum”, ndipo kalembedwe ka mapepala a kafukufuku kotchedwa APA kamafuna “the data show”, pomwe m'nyuzipepala ndi pa nkhani za makompyuta “the data shows” adazika mizu. Funsani chomwe dipatimenti yanu imatsata, musankhe chimodzi, musasinthesinthe. Chomwechonso ndi mayina a magulu monga “government” ndi “committee”: Chingerezi cha ku Britain chimalola “the committee have agreed” pomwe cha ku America chimakonda “has”. M'pepala la kafukufuku, kutenga gulu ngati chinthu chimodzi sikungakupalamulitseni.

Zotsalazi ndingozidutsa. “Each”, “every” ndi “everyone” ndi amodzi nthawi zonse, choncho “Each of the participants was interviewed”. Mayina awiri olumikizidwa ndi “and” ndi ambiri, koma “as well as”, “together with” ndi “along with” sachulukitsa: “The teacher, as well as the students, was present”. Pa “or” ndi “nor” mneni amatsata dzina lomuyandikira. Pa “there is” ndi “there are” mwininkhani ali mtsogolo, muyang'aneni kumeneko: “There are three reasons”. Ntchito yothera ndi -ing ikakhala mwininkhani ndi imodzi, “Using phones during lessons reduces attention”, ngakhale “phones” ndi “lessons” akukoka. Ndipo “et al.” amatanthauza kuti pali olemba enanso, choncho mneni wake ndi “argue”, osati “argues”. Kameneka kasungeni, chifukwa buku lachisanu ndi chiwiri la APA, lomwe lidatuluka kumapeto kwa 2019, limati olemba akakhala atatu kapena kuposerapo muziika “et al.” kuyambira pomwe mwawatchula koyamba.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Musakonze galamala panopa. Kukonza ziganizo za pepala lomwe silinadziwike kolowera kuli ngati kupaka penti khoma lomwe muligumula mawa. Theka la masamba amenewo simudzaligwiritsa ntchito. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti ziganizo zazitali zotaya mwininkhani kawirikawiri zimabadwa pomwe wolemba sanatsimikize chomwe akufuna kunena. Munthu wodziwa mfundo yake amalemba kuti “Students with phones sleep later.” Wosatsimikiza amazungulira: “The issue of the relationship between the use of phones and the various challenges in the lives of students”, ndipo pofika pa mneni waiwala kale komwe adayambira. Ndaona kambirimbiri kuti wophunzira akangopeza funso lomveka, zolakwa za mgwirizano zimachepa zokha asanatsegule n'komwe buku la galamala.

“Mafoni ndi maphunziro a ana a sekondale” ndi dera, si funso. Mungalembepo mabuku khumi osalimaliza. Funso limatchula anthu ake, mbali yake, ndi chomwe chiyezedwe. Mwachitsanzo: kodi ophunzira a chaka chomaliza ku sekondale omwe ali ndi foni yawoyawo amawerenga maola angati madzulo poyerekeza ndi anzawo omwe alibe? Kapena: aphunzitsi a masamu amati chiyani pa zololeza mafoni m'kalasi, ndipo zifukwa zawo n'zotani? Loyambalo likufuna manambala, lachiwirilo likufuna kucheza mozama ndi anthu ochepa. Onse ndi abwino, koma onse awiri simungawathe m'masabata 12. Funso mumaliyesa motere: kodi mungathe kutchula lero lomwe zinthu zomwe mukazipeza zidzaliyankha? Nanga yankho likhoza kutuluka mosiyana ndi momwe mukuganizira? Ngati yankho muli nalo kale m'thumba ndipo mukungosaka umboni woti mafoni ndi oipa, umenewo ndi ulaliki, osati kafukufuku.

Chenjeraninso ndi mawu akuti “effect” ndi “impact” pa mutu. Ophunzira amawakonda poti amamveka olemera, koma amalonjeza zomwe pepala la mafunso silingapereke. Mukapeza kuti okhala ndi mafoni amakhoza mochepa, simunatsimikize kuti foni ndi imene yawagwetsa. Mwina amene sukulu idawavuta kale ndi amene amathawira pa foni. Mwinanso pali chachitatu, monga kusowa wowayang'anira madzulo, chomwe chikuchititsa zonse ziwiri. Kafukufuku wofunsa anthu kamodzi amaonetsa kuti zinthu zikuyendera limodzi, osati kuti china chikubala chinzake. “Relationship”, “patterns of use” kapena “perceptions” ndi mawu omwe mungawaimire pamaso pa oyesa osatuluka thukuta.

Funso likakhazikika, ligaweni mu zolinga ziwiri kapena zitatu, osapitirira. Kenako tengani tsamba limodzi muligawe magawo anayi: cholinga, zomwe muyenera kupeza, komwe mukazipeze ndi chida chake, ndi momwe mudzazisanthulire. Cholinga chilichonse chiyende mzere wakewake mpaka kumapeto. Funso lomwe mwakonza kukafunsa anthu koma silikugwa pansi pa cholinga chilichonse, lichotseni ngakhale likusangalatseni chotani. Cholinga chomwe chilibe funso lochiyankha, mwina muchipezere, apo ayi muchitaye. Tsamba limeneli ndi lomwe asupavaiza anu akulifuna pamene akuti sakuona kolowera.

Powerenga zomwe ena adalemba, musayambe n'kutsitsa mapepala 50 pa intaneti n'kuwaunjika mu kompyuta. Pezani pa Google Scholar kapena ku layibulale mapepala atatu kapena anayi aposachedwa omwe ali pafupi kwambiri ndi funso lanu. Onani kumapeto kwawo kuti adatsamira pa ayani, kenako dinani pa “Cited by” muone omwe adawatsatira. Mayina akayamba kubwerezabwereza, mwafika pakatikati pa nkhani. Pa pepala lililonse lembani zinthu zinayi: adafunsa chiyani, adafufuza bwanji, adapeza chiyani, ndipo pakuperewera pati. Mawu omwe mwakopera ndendende muwaikire zizindikiro za mawu a mwini ndi nambala ya tsamba nthawi yomweyo. Ambiri omwe amagwidwa ndi mlandu wokopera sadali ndi mtima wakuba. Adangosakaniza mawu awo ndi a eni m'manotsi, patapita mwezi n'kulephera kusiyanitsa, Turnitin, pulogalamu yogwira zokopera, n'kuwaulula. Pulogalamu ya Zotero ndi yaulere ndipo imasunga mabuku onse ndi kuwasanja m'kalembedwe komwe dipatimenti ikufuna, kaya ndi APA, MLA kapena Harvard. Polemba chaputalacho, sanjani potsata mfundo, osati potsata olemba. Ndime yoti uyu adati chakuti, uyo adati chakuti, winanso adati chakuti, imatopetsa ndipo sisonyeza maganizo anu.

Pa mawu oyamba, njira yomwe John Swales adafotokoza mu 1990 atasanthula momwe akatswiri amayambira mapepala awo imathandizabe mpaka lero. Choyamba onetsani kuti nkhaniyi ndi yofunika ndi zomwe zikudziwika kale. Kenako lozani mpata, pomwe ena sadafike kapena pomwe akutsutsana. Pomaliza nenani kuti pepala lanu likulowa pa mpata umenewo, ndi momwe lichitire. Masamba omwe mudapereka aja ndikukhulupirira kuti adathera pa sitepe yoyamba: kufotokoza kufala kwa mafoni, ubwino ndi kuipa kwake, osafika pa mpata. Ambiri amatero.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimakakamiza wophunzira aliyense, ndipo ndi pomwe mafunso anu awiri akukumana. Musanalembe chaputala, lembani ndondomeko yake, koma osati mwa timitu topanda mneni monga “Phone use at night”. Ndime iliyonse ikhale ndi chiganizo chimodzi chathunthu, chachifupi, chokhala ndi mwininkhani ndi mneni: “Most studies measure screen time, not reading time.” “Few studies include day scholars.” Izi ndi zitsanzo chabe, zanu zichokere pa zomwe mwawerenga. Mukalephera kulemba chiganizo chotere, dziwani kuti ndimeyo simunadziwe chonena, bwererani mukawerenge. Mukaziwerenga motsatana ziganizozi, zikuyenera kumveka ngati nkhani imodzi yoyenda kuchoka pa funso kukafika pa yankho. Ndipo poti ndi zazifupi, mwininkhani ndi mneni agundizana ngati mu “he goes” muja. Ziganizo zomwezi ndi zomwe zidzatsegule ndime zanu.

Kalendala muiwerenge chobwerera kuchokera pa tsiku lopereka. Masabata awiri omaliza muwatchingire, ndi okonzera chilankhulo ndi mndandanda wa mabuku basi. Masabata awiri oyamba ndi a funso, tsamba la magawo anayi lija ndi kuwerenga. Chomwe chingakugwetseni m'mavuto ndi chilolezo. Mukufuna kufunsa ana a sukulu, ndipo ambiri mwa iwo sanakwane zaka 18. Nthawi zambiri pamafunika chilolezo cha komiti ya ethics ya yunivesite (yoonetsetsa kuti ofunsidwa akutetezedwa), cha akuluakulu a sukuluyo, cha makolo, ndi kuvomera kwa anawo eniake. Zimenezi zimadya masabata, ndipo simungazithamangitse. Yambani sabata ino. Zikaoneka kuti zichedwa, kambiranani ndi asupavaiza zosintha funso kuti mufunse aphunzitsi, omwe ndi akuluakulu, kapena kuti pepala likhale losanthula zomwe zidalembedwa kale. Mafunso anu muwayese kaye pa anthu ochepa musanawagawe. Funso lomwe inu mukuliona lomveka likhoza kumveka pawiri kwa wina. Polemba musatsate dongosolo la machaputala. Yambani ndi njira zomwe mwatsata poti ndi zosavuta, kenako zotsatira, kenako kuzikambirana. Mawu oyamba muwalembenso pambuyo pake, ndipo abstract, chidule cha pepala lonse, ikhale yomaliza.

Nthawi za aneni zikuuzani pomwe muyenera kutsegula maso kwambiri. Njira ndi zotsatira zimalembedwa mu nthawi yakale, choncho kumeneko mdani ndi “was” ndi “were” yekha. Ka s kamavuta m'mawu oyamba, pokambirana zotsatira, ndi polozera matebulo: “Table 2 shows”, “Tables 2 and 3 show”, “These findings suggest”, “This finding suggests”.

Masabata awiri omaliza aja akafika, sindikizani pepalalo, chifukwa pa sikirini maso amatsetsereka. Kuwerenga kumodzi kukhale kwa mgwirizano wokha, osayang'ana china chilichonse. Yambirani chiganizo chomaliza kubwerera kumayambiriro, kuti nkhani isakukokeni n'kuyamba kuwerenga zomwe mumafuna kulemba m'malo mwa zomwe zalembedwa. Pa kompyuta sakani “is”, “are”, “was”, “were”, “has”, “have” ndi “number of”, ndipo paliponse dzifunseni kuti mwini wake ndani. Anthu amalangiza kuwerenga mokweza, koma kwa munthu womeza ka s sizithandiza kwenikweni. Bola kulola Read Aloud wa mu Word akuwerengereni inu mukumvetsera. Chiganizo chomwe mwininkhani ndi mneni atalikirana mizere iwiri, musalimbane nacho, chiduleni pawiri. Zomwe asupavaiza adazungulizazo musataye: zikopereni m'kope, chilichonse mulembe mtundu wake. Mudzaona kuti si zolakwa 40 zosiyana, koma mitundu itatu kapena inayi yobwerezabwereza.

Mapulogalamu okonza galamala, monga wa mu Word kapena Grammarly, amagwira zolakwa za m'ziganizo zazifupi, koma pa zazitali nthawi zina amasochera ngati ife tomwe, penanso amakonza chomwe chili bwino kale. Musavomere kusintha komwe simungathe kukufotokoza. Za mapulogalamu a AI olemba okha, werengani kaye malamulo a yunivesite yanu, chifukwa amasiyana, ndipo kwina kungokonzetsa ndime kumafunika kukuulula. Dziwaninso kuti amatha kupeka mabuku omwe kulibe. Zogula pepala kwa olemba aganyu musaziyerekeze. Mukadzaitanidwa kuti muliteteze pakamwa, funso loyamba lomwe lidzakuvulani.

Pali pomwe simuyenera kulimbana nokha. Ngati mukufuna manambala koma simukudziwa kuti mufunse anthu angati kapena mudzawerengera bwanji, kaonaneni ndi mphunzitsi wa statistics musanagawe mafunso, osati mutatolera kale. Zotoleredwa molakwika palibe katswiri angazikonze. Ngati mukusowa mabuku, wogwira ntchito ku layibulale amadziwa nkhokwe za mapepala zomwe yunivesite idalipira kale, ndipo ophunzira ambiri samufunsa. Ngati mutayesa njira ya pensulo mukulephera kupeza mwininkhani ngakhale m'ziganizo zazifupi, pitani kwa aphunzitsi a luso la chilankhulo ndi tsamba limodzi mukhale nawo pansi, chifukwa pamenepo pafunika maziko, osati kungokonza. Ndipo ngati kudumpha malembo ndi mathero a mawu kumakuchitikirani ngakhale polemba Chichewa, komanso kuwerenga kwakhala kukukuvutani kuyambira ubwana, funsani ku ofesi yothandiza ophunzira za kuyezetsa dyslexia. Mayunivesite ena amapereka thandizo lapadera ikapezeka. Kupatsa munthu wina kuti akukonzereni chilankhulo kumaloledwa m'malo ambiri bola asakhudze mfundo, koma funsani kaye.

Asupavaiza anu muwaone sabata ino, musadikire kuti mukhale ndi chaputala chokongola. Mutenge tsamba limodzi lokhala ndi funso lanu m'chiganizo chimodzi, zolinga zake, ndi magawo anayi aja, ndipo muwapemphe zinthu ziwiri: avomereze kapena akane funsolo pomwepo, ndiponso akuuzeni njira yopezera chilolezo. Ngati pofika sabata yachisanu ndi chimodzi chilolezocho sichinatuluke ndipo funso simunasinthe, lembani kalata yopempha nthawi yowonjezera nthawi yomweyo, chifukwa pempho lotere kawirikawiri limayenera kufika tsiku lopereka lisanakwane.